DIMBA NDI NKHOKWE YACIWIRI YA BANJA

Pa 29 Febuluwale 2024, Mtsogoleri wa Dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 a mu Zambia anakhudzidwa, ndipo mwa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga amene anabzalidwa, pafupifupi mahekitala 1 miliyoni anaonongeka. Cigawo ca Kum'mawa cinali cimodzi mwa zigawo zimene zinaona mabvutowo. Phunziro limene caka cimeneco cinasiya m'midzi ya ku Chipata, Kasenengwa ndi Chipangali ndi lakuti banja lodalira munda wa kumtunda wokha liri ngati nyumba yoimira pa mzati umodzi. Banja limene liri ndi dimba liri ndi nkhokwe yaciwiri, imene imapereka ndiwo ndi ndalama m'miyezi imene munda wa mvula uli gonere.

Komabe si dimba lirilonse limene limapindulitsa mwini wake. Madimba ambiri amayamba bwino mu Meyi, masamba ali biriwiri, koma pofika Okutobala citsime caphwa, matimati adyedwa ndi mbozi, ndipo otsalawo apsa tsiku limodzi ndi a mudzi wonse kotero kuti pamsika mtengo wagwa. Mabvuto atatu amenewa, a madzi, a tizirombo ndi a msika, sagwa mwadzidzidzi. Onse amaoneka akali kutali, ndipo mlimi angathe kuwapewa ngati awerengera bwino nchito yake mbeu isanalowe m'nthaka.

YAMBANI NDI KUWERENGA MADZI

Kuno ku Chipata mvula imagwa kuyambira Novembala kufikira Marici kapena Epulo, ndipo pa caka cabwino imafika mamilimita pafupifupi 1,000. Kucokera pamenepo kwatsala miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri ya cilimwe. Madzi amene mlimi amawaona m'dambo mu Meyi si amene adzakhalemo mu Okutobala. Cifukwa cace kukula kwa dimba kuyenera kuyesedwa ndi madzi a mu Okutobala, pamene dzuwa liri phwee ndipo mbeu zikumwa kwambiri.

Masamu ace ndi apafupi. M'nyengo yotentha, malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi amafuna malita 5 kapena 6 a madzi tsiku lirilonse. Motero bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali limamwa malita 50 kufikira 60, ndiko kuti makheni asanu kapena asanu ndi imodzi a malita 10. Mlimi amene ali ndi mabedi 20 otere afunika malita 1,000 kufikira 1,200 pa tsiku, madzi odzaza migolo isanu kapena isanu ndi umodzi ya malita 210. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi madzi ofunika amacepa, koma kulingalira kuyenera kutsata mwezi wobvuta. Dzifunseni: kodi citsime canga cinapereka migolo ingati mu Okutobala wa caka catha, ndipo ndani adzatunga madziwo? Mabedi khumi othiriridwa mokwanira amabala koposa mabedi makumi atatu omwa madzi mwa apo ndi apo.

Pali njira zocepetsera ludzu la dimba. Phimbirani mabedi ndi udzu wouma wopanda njere kapena masangwe a nshawa, kuti dzuwa lisaumitse nthaka. M'cilimwe pangani mabedi olowa pansi pang'ono kuti madzi asathawe, koma m'dzinja akhale okwera kuti mizu isabvunde. Thirirani m'mamawa kapena madzulo, ndipo madziwo apite patsinde. Kuthira madzi ambiri kamodzi, olowa mpaka kumizu, kumaposa kuwaza pang'onopang'ono pamwamba pokha. Amene agula pampu yopalasa ndi mapazi, ya injini kapena yoyendera dzuwa akumbukire kuti pampu imafulumizitsa kutunga koma sionjezera madzi m'citsime.

DAMBO NDI LA MUDZI WONSE

Madzi a m'citsime ca kudimba amacokera m'dambo, ndipo dambo limasunga madzi cifukwa ca udzu, bango ndi mitengo imene iri m'menemo. Mlimi akalima mpaka pagombe penipeni pa mtsinje, mvula yoyamba imakokolola nthaka, mcenga umadzaza mtsinje, ndipo caka cotsatira madzi amaphwa msanga. Mitsinje yonga Lutembwe ndi Lunkhwakwa imatumikira anthu ambiri, a m'midzi ndi a m'tauni omwe. Siyani mzere wa udzu ndi mitengo pakati pa dimba ndi mtsinje, ndipo pamene panagumuka kale bzalanipo vetiva, nsenjere kapena nsungwi. Mikuyu ndi mitengo ina ya m'mbali mwa madzi isadulidwe, ndiponso bulugamu asabzalidwe pafupi ndi citsime popeza amamwa madzi ambiri.

Nkhani ya dambo si ya munthu mmodzi. Mafumu ndi nduna zao, amene amagawa malo, ali ndi mphamvu yoika malire a pamene khasu liyenera kulekezera, ndi kukonza kuti a kumtunda kwa mtsinje asatseke madzi onse a kumunsi akali kuwafuna. Lamulo la kasamalidwe ka madzi la caka ca 2011 linakhazikitsa bungwe la WARMA, ndipo amene afuna kuchinga mtsinje kapena kupopa madzi ambiri a malonda ayenera kufunsa za cilolezo ku bungwe limeneli. Mpanda nawonso ukhale wolimba mbeu zisanamere, pakuti m'cilimwe mbuzi, nkhumba ndi ng'ombe zimayenda momasuka, ndipo usiku umodzi wokha ungathe kumaliza nchito ya miyezi iwiri.

NTHAKA NDI NAZALE

Ndiwo zamasamba zimadya kwambiri. Pa bedi la mamita 10 thirani mabeketi asanu kufikira khumi a manyowa owola bwino a ng'ombe, mbuzi kapena nkhuku, ndipo muwasakanize ndi nthaka sabata ziwiri musanaokere. Manyowa aawisi amatentha mizu ndipo amabweretsa njere za udzu. Pa malo a kafukufuku wa zaulimi a Msekera, kufupi ndi Chipata, akatswiri anayesa kwa zaka zambiri mitengo yobwezera conde m'nthaka monga jerejere, ombwe ndi gilisidiya. Masamba a mitengo imeneyi ndi abwino kuika mu kompositi, ndipo gilisidiya wobzalidwa m'mbali mwa dimba amasanduka mpanda wamoyo. Amene ali ndi feteleza wa Compound D amuthire pookera, ndipo wobereketsa adze pambuyo mbande zitagwira. Koma feteleza salowa m'malo mwa manyowa, cifukwa manyowa ndiwo amathandiza nthaka kusunga cinyezi.

Zokolola za dimba zimayambira pa nazale. Sankhani malo amene simunalimepo matimati kapena fodya kwa zaka zitatu. Bedi likhale la mita imodzi m'lifupi kuti dzanja lifike pakati popanda kupondapo. Fesani m'mizere yotalikirana masentimita 10 kufikira 15, mosathithikana, ndipo njere zisalowe pansi kupitirira sentimita imodzi. Phimbirani udzu, ndipo mbeu zikayamba kumera cotsani udzuwo ndi kumanga kathandala ka mthunzi wocepa. Mbande zothithikana ndi zothiriridwa mopitirira muyeso zimabvunda patsinde ndi kugwa. Kutatsala sabata imodzi kuti muokere, cotsani mthunzi ndi kucepetsa madzi kuti mbande zikhwime.

Matimati, lepu ndi kabici zimaokeredwa pakapita sabata 4 kufikira 6, zikatalika masentimita 10 kufikira 15. Anyezi amafuna sabata 6 kufikira 8, mpaka tsinde lace likule ngati pensulo. Okerani madzulo, ndi dothi lace kumizu, ndipo thirirani nthawi yomweyo. Matimati atalikirane masentimita 90 pakati pa mizere ndi 45 pakati pa mapando. Kabici 60 ndi 45. Lepu 45 ndi 30. Anyezi 30 ndi 10. Gulani mbeu za m'mapaketi otseka kwa ogulitsa odziwika. Mitundu monga Tengeru ndi Rodade ya matimati, Hobson ndi English Giant ya lepu, Copenhagen Market ya kabici, ndi Texas Grano ndi Red Creole ya anyezi ndi yodziwika kwa alimi a dziko lino. Njere zotengedwa ku mbeu za haibulidi sizibala monga kholo lace, motero musazisunge.

BZALANI MOYANG'ANA MSIKA

Aliyense amene anaimapo pa Saturday Market kapena pa msika wa Kapata adziwa kuti mtengo wa matimati sukhala pamodzi. Alimi ambiri amafesa mvula ikangotha, ndipo onse amakolola pamodzi m'cilimwe. Pamenepo mabokosi amaculuka kuposa ogula, ndipo mlimi amene wapalasa njinga kucokera kutali amagulitsa pa mtengo uliwonse poopa kubwerera ndi katundu wobvunda. Kutumiza ku msika wa Soweto ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 550 pa mseu wa Great East, kumafuna katundu wambiri ndi ndalama ya galimoto, ndipo kumeneko mumakumana ndi alimi a zigawo zina.

Mankhwala a bvutoli ndi kufesa pang'onopang'ono. M'malo mofesa paketi yonse tsiku limodzi, fesani gawo limodzi sabata zitatu zirizonse. Motero banja limakhala ndi cogulitsa mwezi uliwonse, ndipo mtengo ukagwa sabata ino, zokolola za mwezi wamawa zimabwezera. Ndiponso musaike dimba lonse ku mbeu imodzi. Lepu, mpiru, kabici, kaloti ndi nsawawa zimakonda kuzizira kwa Meyi kufikira Julayi. Therere, nkhwani, nthula ndi bonongwe zimakondwa kukatentha. Anyezi wofesedwa pakati pa Febuluwale ndi Epulo amakhwima m'cilimwe, ndipo ubwino wace ndi wakuti akaumitsidwa bwino pamthunzi amasungika kudikira mtengo. Cimanga ca kudimba cobzalidwa mu Ogasiti cimapsa pamene mondokwa akusowa, ndipo cimathandiza banja kudutsa miyezi ya njala.

Matimati amasowa m'dzinja, ndipo mtengo wace umakwera, cifukwa cinyezi cimabweretsa matenda a ciwawu ndipo madambo amadzaza madzi. Mlimi wofuna phindu la nyengo imeneyi alime kumtunda pa mizere yokwera, aimike mtengo pa phando lirilonse ndi kumangirirapo, acotse mphukira za m'mbali ndi masamba a m'munsi okhudza nthaka, ndipo apopere mankhwala oteteza ciwawu matenda asanayambe. Nchito yace ndi yaikuru, motero yambani ndi malo ocepa. Alimi a dambo limodzi akapangana masiku ofesera ndi kubwereka galimoto imodzi, amalankhula ndi ogula ndi mau amphamvu, pakuti mutu umodzi susenza denga.

ADANI A DIMBA

Mu 2016 alimi a matimati mu Zambia anakumana ndi mdani watsopano wochedwa Tuta absoluta. Kacirombo kameneka kwao ndi ku South America. Kanafika ku Spain mu 2006 ndipo kucokera kumeneko kanafalikira mu Africa. Ndi kagulugufe kakang'ono kouluka usiku, ndipo kakakazi kamodzi kangathe kuikira mazira oposa 200. Mbozi zace zimalowa m'kati mwa tsamba ndi kudya, nkusiya zigamba zoyera zouma, kenaka zimaboola zipatso. Kukatentha, mbadwo watsopano umabadwa pafupifupi mwezi uliwonse, ndipo munda wosasamalidwa ungathe kutheratu.

Yenderani matimati anu kawiri pa sabata, kuyambira pa nazale. Thyolani masamba ogwidwa ndi kuwakwirira mozama. Mukamaliza kukolola, zulani mitengo yonse yakale ndi kuitentha nthawi yomweyo, pakuti munda wosiyidwa ndiwo khola limene tizirombo timaswanamo nkulowa m'munda wa mnzanu. Misampha ya fungo lokopa tamphongo imadziwitsa mlimi kuti mdani wafika. Popopera, sinthanitsani magulu a mankhwala monga mlangizi angakuuzeni, cifukwa kacirombo kameneka kamazolowera msanga mankhwala obwerezabwereza. Caka comweco ca 2016 cikutha, m'dziko muno munalowanso mbozi zoononga cimanga zija zimabisala m'kati mwa nsonga, ndipo cimanga ca kudimba ndico cimazisunga m'cilimwe. Suzumirani m'nsonga kawirikawiri ndi kupha mazira ndi mbozi zikali zazing'ono.

Mdani wina amabisala m'nthaka. Mukaona matimati kapena therere likufota masana ngakhale mwathirira, zulani phando limodzi. Mizu ikakhala ndi timfundo totupa, m'nthakamo muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso. Njira yothana nato ndi kasinthasintha wa mbeu. Matimati, mbatatesi, nthula, tsabola ndi fodya ndi banja limodzi, ndipo matenda ao ndi amodzi. Pamene panali imodzi mwa izi pasabwerenso inzace mpaka zitapita zaka zitatu. Tsatizani anyezi, cimanga kapena lepu. Maluwa acikasu a marigold, amene ambiri amabzala pokongoletsa pakhomo, amacepetsa tinyongolotsi timeneti akabzalidwa mothithikana pa bedi kwa miyezi iwiri kapena itatu. Osuta ndi ogwira fodya asambe m'manja ndi sopo asanakhudze matimati, popeza matenda a mawanga a fodya amayenda ndi manja.

Nsabwe za pa lepu ndi kabici zimagonja ku madzi a sopo kapena madzi a masamba a ombwe, umene ena amati ububa, zikapezedwa msanga. Koma ombwe amapha nsomba, motero zotsala zace zisatayidwe mumtsinje. Za mankhwala a m'sitolo, gulani kwa ogulitsa amene ali ndi cilolezo ca bungwe la ZEMA, m'botolo lace lenileni lokhala ndi malangizo. Bvalani zochinga thupi, mphuno ndi manja, musapopere kuli mphepo, ndipo ana ndi amai apakati asayandikire. Pa botolo lirilonse palembedwa masiku oyenera kudikira musanathyole. Kupopera lepu lero ndi kukagulitsa mawa ndiko kudyetsa anthu poizoni, ndipo oyamba kudya ndiwozo ndi ana anu omwe. Botolo lotha lisasandutsidwe cotungira madzi kapena cosungira mcere.

MITENGO YA ZIPATSO

Ndiwo zimapereka ndalama ya mwezi uno, koma mtengo wa zipatso ndi cuma ca zaka zambiri. Kumbani dzenje la masentimita 60 m'litali, m'lifupi ndi kuya kwace, sakanizani dothi lapamwamba ndi mabeketi awiri a manyowa, ndipo bzalani mvula ikakhazikika mu Disembala. Mango ndi mapeyala, amene ena amati kotapela, atalikirane mamita 8 kufikira 10. Malalanje, manachesi ndi mandimu mamita 6. Nthoci ndi mapapaya mamita atatu. Mango womezanitsa amayamba kubala pakapita zaka zitatu kapena zinai, pamene wa njere amacedwa ndipo zipatso zace sizidziwika mtundu. Mfundo ya pomezanitsa ikhale pamwamba pa nthaka, ndipo mphukira zoturuka m'munsi mwace zicotsedwe. M'cilimwe coyamba ndi caciwiri kamtengo kamafuna madzi sabata iriyonse ndi citetezo ku mbuzi, ciswe ndi moto wa lupsa.

Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mau amenewa akwanira pa mango ambiri a Novembala kufikira Januwale. Nchenche ya zipatso imaboola khungu ndi kuikira mazira, ndipo mphutsi zimadya m'kati cipatso cikuoneka cabwino kunja. Cipatso cikagwa, mphutsi zimalowa m'nthaka ndi kuturukanso ziri nchenche. Tolani mango, magwafa ndi malalanje onse akugwa kawiri pa sabata, muwakwirire m'dzenje lakuya theka la mita kapena muwatsekere m'thumba lakuda la pulasitiki padzuwa kwa masiku angapo. Mudzi wonse ukacita cimodzimodzi, nchenche zimacepa.

Pa nthoci cenjerani ndi matenda opinimbiritsa, amene anaononga minda yambiri kwa anansi athu ku Malawi, m'maboma monga Nkhata Bay ndi Thyolo, ndipo amapezekanso mu Zambia. Masamba amaturuka aang'ono, oimirira ndi ounjikana pamwamba, ndipo nthoci yotere sibala. Matendawa amayenda ndi nsabwe za nthoci ndiponso ndi ana a nthoci otengedwa ku munda wodwala. Alibe mankhwala, phata lonse liyenera kuzulidwa ndi kuonongedwa. Musalandire mbeu ya nthoci imene simudziwa kumene yacokera, ngakhale wopereka ali mbale wanu.

MPHIKA WA PAKHOMO UYAMBE

Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse lapansi la WHO limalangiza kuti munthu wamkuru adye magalamu 400 a ndiwo zamasamba ndi zipatso tsiku lirilonse. Ndi cinthu comvetsa cisoni kuona dengu lonse likupita kumsika pamene ana a mwini dimba akudya nsima ndi ndiwo zosakwanira. Patulani mabedi awiri a pakhomo, ndipo musanyoze ndiwo za makolo: bonongwe, luni, nkhwani, khwanya, kholowa ndi cigwada zimapirira tizirombo ndipo zimamanga thupi, makamaka zikatenderedwa ndi nsinjiro. Sungani kudimba mbeu ya kacamba wofiira m'kati, amene ali ndi vitamini A woteteza maso, kuti mvula ikagwa mukhale ndi cobzala.

Ndiwo zikaculuka, amai adziwa kale nzeru ya mfutso. Kufutsa masamba pang'ono m'madzi owira, kuwayanika pa thandala laukhondo pamalo a mthunzi wopita mphepo, ndi kuwasunga m'zikwatu kapena m'zotengera zotseka kumasandutsa zotsala za lero kukhala ndiwo za mwezi wosowa. Matimati oduladula ndi mango osenda amaumanso bwino. Ndalama za kudimba nazo zikambidwe ndi bambo ndi mai pamodzi, popeza onse awiri amasenza kheni, ndipo gawo lina lipatulidwe logulira mbeu za nyengo yotsatira.

Tsono, alimi anzathu, musanagule paketi ya mbeu caka cino, tengani kope ndi pensulo. Lembani migolo ya madzi imene citsime canu cimapereka mu Okutobala, mabedi amene madziwo angakwanitse, mbeu imene inali pa bedi lirilonse caka catha, ndi masiku amene mudzafesa gawo loyamba, laciwiri ndi lacitatu. Pitani nalo kopelo kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu kuti mukaunikire pamodzi, ndipo nkhani ya malire a dambo muitule kwa a mfumu pa msonkhano wa mudzi cilimwe cisanafike pakati.